DZINA LA JAMES, NDI MOYO WA DR. JAMES AGGREY WA KU GOLD COAST

Mphunzitsi ali yense amene amaitana maina m'mawa pa sukulu ya ku mudzi adziwa kuti dzina la James silisowa m'buku lace. Ana ena amalichula Jemusi, ena Yakobo, koma dzinalo ndi limodzi. Linabadwira kwa Ahebri. Agiriki ndi Aroma analilandira nalichula monga mwa malilime ao, ndipo m'kupita kwa zaka linasanduka James ku England, Jacques ku France, Giacomo ku Italy, ndi Seamus ku Ireland. Palibe mtundu umene unganene lero kuti dzinali ndi lace lokha.

Amuna omveka amene analisenza ndi ambiri, ndipo nchito zao sizifanana. James Cook, mwana wa munthu wolima m'minda ya eni ku Yorkshire, anayendetsa ngalawa maulendo atatu pa nyanja yaikulu ya Pacific, nalemba mapu a maiko amene Azungu sanawadziwe bwino, kufikira anaphedwa ku Hawaii m'caka ca 1779. James Watt wa ku Scotland anakonza makina oyenda ndi nthunzi kuti asamadye malasha ambiri, ndipo akumbukika pa nyali ili yonse ya magetsi, pakuti muyeso wa mphamvu yace uchedwa watt. James Young Simpson, sing'anga wa ku Edinburgh, mwana wa wophika mkate, anaonetsa m'caka ca 1847 kuti mankhwala a chloroform akhoza kugonetsa munthu kuti asamve kuwawa. James Chuma, Myao amene anaomboledwa kwa ogula akapolo ali mwana m'caka ca 1861, ndiye amene pamodzi ndi Susi anatsogolera anthu onyamula mtembo wa David Livingstone kucokera kwa Chitambo m'caka ca 1873, nafika nao ku Bagamoyo m'caka cotsatira.

Koma pakati pa onsewa pali mmodzi amene zida zace zinali coko ndi bolodi, amene anayamba nchito pa sukulu yaing'ono ya ku mudzi, ali yekha. Iyeyo ndiye James Emman Kwegyir Aggrey.

KUBADWA NDI MAINA ACE

Aggrey anabadwa pa 18 October, 1875, ku Anomabu, mudzi wa m'mbali mwa nyanja m'dziko la Gold Coast, limene lichedwa Ghana kuyambira caka ca 1957. Anali wa mtundu wa Afante. Atate ace, Kodwo Kwegyir, anali wolankhulira mfumu. Udindo umenewu ngwolemekezeka kwambiri kumeneko, pakuti mfumu siilankhula yokha pa bwalo. Inong'oneza mau kwa wolankhulirayo, ndipo iye awakometsera ndi miyambi, nawapereka kwa anthu mosakhumudwitsa munthu. Wotere ayenera kudziwa miyambo, mibadwo ya mafumu, ndi njira ya kuyanjanitsa anthu okangana. Mwanayo anakula akumva atate ace pa milandu, ndipo luso limene linadzadabwitsa anthu ku London ndi ku New York linamera pa bwalo la ku Anomabu. M'mera mpoyamba.

Kwa Afante mwana salandira dzina limodzi lokha. Popeza anabadwa Lolemba anamucha Kodwo, ndipo anamuchanso Mensa, ndilo dzina la mwana wamwamuna wacitatu. Dzina la James analandira pa ubatizo m'mwezi wa June, 1883, asanakwane zaka 8. Maina a makolo ace sanawataye. Kufikira imfa yace anadzilemba Kwegyir Aggrey, ndipo ana ace obadwira ku America anawapatsa maina a kwao, wina Abna, wina Kwegyir.

MPHUNZITSI WA KU MUDZI

Anayamba kuphunzira pa sukulu ya mpingo wa Methodist ku Cape Coast. Pambuyo pace mbusa wacizungu, Dennis Kemp, anamtenga pamodzi ndi anyamata ena kuti akhale m'nyumba mwace, kumene anaphunzira mabuku ndi nchito za manja zomwe. Njala yace ya maphunziro inali yosakhuta; anawerenga buku liri lonse limene analipeza, nayesa kudziphunzitsa Cilatini ndi Cigiriki.

Pokhala ndi zaka ngati 15, anamtumiza ku Abura Dunkwa, mudzi wa kumtunda, mtunda wa mamailosi ngati 20 kucokera ku Cape Coast, kuti akasunge sukulu ya ana 30 kapena 40. Analibe mphunzitsi mnzace womfunsa nzeru. Amene anagwirapo nchito yotere adziwa kulemera kwace: munthu mmodzi aphunzitsa oyamba kumene ndi odziwa kale kuwerenga, aweruza ndeu za ana, nayendera makolo amene afuna mwana wao kumunda koposa kusukulu. Aggrey anazilawa zonsezi ali mnyamata, ndipo cifukwa cace, atakhala munthu womveka, sanapeputse konse mphunzitsi wa ku mudzi.

Atabwerera ku Cape Coast anaphunzitsa pa sukulu imene anaphunzirapo, napambana mayeso a aphunzitsi limodzi ndi limodzi, kufikira anakhala mkulu wa sukuluyo asanakwane zaka 23. M'caka ca 1896 anatsagana ndi asilikali a England ku dziko la Ashanti monga womasulira. M'caka ca 1897, pamene Boma linafuna kuika lamulo lotenga malo amene linawayesa opanda mwini, iye anathandiza akulu a dziko amene analikana, nayendayenda ndi kalata ya dandaulo lao. Lamulo lija silinakhazikike, ndipo malo anatsala m'manja mwa eni ace.

ZAKA ZA KU AMERICA

M'caka ca 1898, mwa cithandizo ca Bishopu John Bryan Small wa mpingo wa African Methodist Episcopal Zion, Aggrey anasiya ukulu wace naoloka nyanja kukakhalanso wophunzira. Analowa pa Livingstone College, sukulu ya anthu akuda ku Salisbury m'cigawo ca North Carolina, imene inachedwa dzina la David Livingstone yemwe uja. Anatsiriza m'caka ca 1902 ndi ulemu waukulu, nadzozedwa ubusa m'caka ca 1903, ndipo m'caka ca 1905 anakwatira Rose Douglass wa ku Virginia, amene anambalira ana anai.

Sanabwerere kwao msanga monga anthu anayembekezera. Anatsala pa sukulu yomweyo, naphunzitsa, nasunga mabuku a maina ndi a ndalama zaka zambiri. Ndipo pa nyengo za kupuma anapita ku Columbia University ku New York kukaonjezera maphunziro ace.

Koma sukulu imene inamsula koposa inali yina. Kuyambira caka ca 1914 anaweta mipingo iwiri yaing'ono ya ku midzi, Miller's Chapel ndi Sandy Ridge. Anthu ace anali alimi osauka, ana ndi adzukulu a akapolo, ambiri osadziwa kuwerenga. Kumeneko munthu wa Cilatini ndi Cigiriki anazindikira kuti mau akuya sadyetsa munthu wa njala, ndi kuti womvera amene sanamve sanaphunzitsidwe. Anafewetsa kalankhulidwe kace, nayamba kunena za nkhuku, za dimba, za ukhondo wa pa nyumba, za kusunga ndalama pamodzi ndi kugula malo ao ao. Nzeru ya m'mabuku ndi moyo wa pa khomo zinakomana mwa iye pamenepo, ndipo sizinalekanenso.

ULENDO WOYAMBA WA KU AFRICA

M'caka ca 1920 bungwe la ku America lochedwa Phelps-Stokes Fund linatumiza anthu, wotsogolera wao Dr. Thomas Jesse Jones, kuti akaone masukulu a mu Africa ndi kulangiza maboma ndi amishoni. Aggrey ndiye anali munthu wakuda yekha pakati pao. Motero anapondanso dziko la kwao patapita zaka 22. Anayenda ku Sierra Leone, Liberia, Gold Coast, Nigeria, Cameroon, Congo, Angola, nafika ku South Africa m'caka ca 1921.

Ulendowu unamuyesa kolimba. Pa ngalawa, pa sitima ndi m'nyumba za alendo anamsala kawirikawiri cifukwa ca khungu lace, pamene anzace oyera analandiridwa bwino. Iye sanabwezere, ndipo nthawi zambiri anayankha cipongwe ndi nthabwala. Sikuti cinali cosamuwawa iai, koma anaona kuti akapsa mtima khomo litsekeka, osati kwa iye yekha, komanso kwa onse odza pambuyo pace. Ku South Africa analankhula kwa akuda ndi kwa oyera, m'masukulu, m'mipingo ndi m'migodi. Ku Transkei ena anamuyesa mthenga wa anthu akuda a ku America amene adzabwera ndi nkhondo kudzawaombola. Iye anawauza poyera kuti gulu lotere kulibe, ndi kuti ciombolo cao cidzadzera m'maphunziro ndi m'nchito ya manja ao. Ku Johannesburg, m'caka comweco, kunayambika bwalo la Azungu ndi anthu akuda lokambirana mabvuto a mzinda, ndipo mau a Aggrey ndi Jones ndiwo anathandiza kulibala.

A JAMES ATATU PA ULENDO UMODZI

M'caka ca 1924 bungwe lija linatumizanso anthu, tsopano ku maiko a kum'mawa ndi a pakati pa Africa: Ethiopia, Kenya, Uganda, Tanganyika, Zanzibar, Mozambique, Nyasaland, Southern Rhodesia ndi Northern Rhodesia. Pa ulendo umenewu panali a James atatu a mitundu itatu: James Aggrey wa ku Gold Coast, James Hardy Dillard, Mzungu wa ku America, woyang'anira cuma ca Jeanes cothandiza masukulu a ku midzi a anthu akuda, ndi James Dougall wa ku Scotland, mlembi wa ulendowo.

Cuma ca Jeanes cinaperekedwa m'caka ca 1907 ndi mai wina wa ku Philadelphia, Anna Jeanes, ndipo cinalipira aphunzitsi oyendera. Woyenderayo sanali woweruza wodzagwira zolakwa, koma mnzace wa mphunzitsi wa ku mudzi, wodzakhala naye masiku angapo, kumuonetsa kaphunzitsidwe, ndi kulangiza mudzi za zitsime, zimbudzi ndi minda. Njira imeneyi alendo aja anaiyamikira pali ponse pamene anafika.

M'mwezi wa June, 1924, anafika ku Northern Rhodesia, ndiyo Zambia ya lero, nakomana ndi amishoni pa msonkhano wao waukulu ku Kafue. Nthawi imeneyo pafupifupi masukulu onse a anthu akuda anali m'manja mwa amishoni, ndipo Boma linathandiza pang'ono cabe. Malangizo ao anali akuti Boma liike mkulu woyang'anira maphunziro, lithandize amishoni ndi ndalama, ndi kuti kuphunzitsa aphunzitsi kukhale nchito yoyamba. M'caka ca 1925 Boma linatsegula ofesi ya maphunziro a anthu akuda, mkulu wace G. C. Latham, pofika caka ca 1930 sukulu ya Jeanes inali itatsegulidwa ku Mazabuka, ndipo m'caka ca 1939 inasamukira ku Chalimbana. Ku Nyasaland sukulu yotere inamangidwa ku Domasi, ndipo ku Kenya inayamba ku Kabete m'caka ca 1925, mkulu wace woyamba James Dougall yemwe uja.

MAFANIZO ACE

Monga mwana wa wolankhulira mfumu, Aggrey anaphunzitsa ndi mafanizo. Lodziwika koposa ndi la limba lochedwa piyano, limene liri ndi malo okanikiza oyera ndi akuda. Munthu akhoza kuimba nyimbo ina yace pa oyera okha, kapena pa akuda okha. Koma wofuna nyimbo yokoma ndi yodzala ayenera kuimba pa onse. Potero sanafune kuti wakuda asanduke woyera. Ananyadira khungu lace, nalangiza ana a sukulu kuti asacite manyazi ndi cinenero, nyimbo ndi miyambo yabwino ya makolo ao.

Fanizo lina ndi la mwana wa ciombankhanga amene munthu anamgwira namlera pakati pa nkhuku. Mbalameyo inakula ikutola madeya pansi, ndipo mwini wace anati yasanduka nkhuku. Mlendo wodziwa za mbalame anakana, naikweza m'mwamba kawiri, koma inaona nkhuku zirikudya nitsikira pansi. Kacitatu anaitengera kuphiri mbandakuca, naipenyetsa dzuwa lirikuturuka. Pomwepo inatambasula mapiko, niuluka, osabwereranso. Omvera anazindikira okha kuti nkhaniyo inena za iwo.

Anaumiriranso za ana aakazi. Anaphunzitsa kuti wophunzitsa mnyamata athandiza munthu mmodzi, koma wophunzitsa mtsikana athandiza banja lonse, popeza mai ndiye mphunzitsi woyamba wa mwana.

Mwa anyamata amene anamumva muli ena amene anadzatsogolera maiko ao. Nnamdi Azikiwe anamumva ku Lagos, Hastings Kamuzu Banda ku Johannesburg, ndipo onse awiri pambuyo pace anaoloka nyanja kukaphunzira ku America.

ACHIMOTA

Bwanamkubwa wa Gold Coast, Sir Gordon Guggisberg, anafuna kumanga sukulu yaikulu pa citunda ca Achimota pafupi ndi Accra. Anaitana mbusa Alexander Fraser, amene anatsogolerapo Trinity College ku Kandy m'dziko la Ceylon, kuti akhale mkulu wace. Ndipo Aggrey anabwera m'caka ca 1924 kudzakhala mmodzi wa akulu omthandiza.

Nchito yobvuta koposa inagwera iye. Anthu ambiri anakayikira sukulu ya Boma; anaopa kuti Azungu afuna kupatsa ana ao maphunziro operewera, a khasu ndi nyundo okha, ndi kuwatsekera njira ya ku masukulu apamwamba. Aggrey anayenda m'midzi ndi m'mizinda, nalankhula ndi mafumu, makolo ndi aphunzitsi, kuwatsimikizira kuti cimene ciyenera Africa ndi cinthu copambana cokha. Anacondereranso kuti atsikana aphunzire pamodzi ndi anyamata, ndipo zinatero. Sukuluyo inatsegulidwa pa 28 January, 1927, ndipo cizindikiro cace ndi malo oyera ndi akuda a piyano. Mmodzi wa anyamata oyamba kuphunzira uphunzitsi kumeneko anali Kwame Nkrumah, amene anadzatsogolera Ghana pa kulandira ufulu.

OMTSUTSA

Si onse amene anabvomerezana naye. Dr. W. E. B. Du Bois, mmodzi wa anthu akuda ophunzira koposa ku America, anatsutsa maganizo a Jones, nati maphunziro oyenerezedwa ndi moyo wa ku mudzi akhoza kusanduka msampha wosunga munthu wakuda pa nchito za pansi. Otsatira a Marcus Garvey anayesa Aggrey wofatsa mopitirira, wokondweretsa Azungu. Mantha ao sanali opanda pace, pakuti m'maiko ambiri maboma a atsamunda anakondwera ndi ulimi ndi ukalipentala pa sukulu, koma anacedwa kwambiri kutsegula masukulu a sekondale.

Komabe moyo wa Aggrey mwini uonetsa kuti iye sanafune kupatula khasu ndi buku. Analakalaka kuti mutu, manja ndi mtima ziphunzitsidwe pamodzi, ndi kuti mwana wa mlimi amene ali ndi nzeru apeze njira yofikira pamwamba peni peni, monga iye anafikira. Funso limene anakangana nalo akulu amenewa silinathe. Lidzukanso pali ponse pamene mphunzitsi aganiza za nthawi imene ana ayenera kukhala m'dimba la sukulu ndi imene ayenera kukhala pa masamu.

IMFA YACE

Cinthu cimodzi cinatsala cosatha. M'caka ca 1923 anali atapambana mayeso a udokotala wa maphunziro ku Columbia, koma buku lofunika kuti alandire ulemuwo anali asanalilembe, cifukwa maulendo ndi misonkhano zinamdyera nthawi. M'mwezi wa May, 1927, anacoka ku Achimota kupita ku America kuti akalitsirize, ndi kuti akaone banja lace, makamaka mwana wotsiriza amene anabadwa m'caka ca 1926. Anakhala nao masiku owerengeka, napita ku New York kukalemba. Kumeneko anadwala mwadzidzidzi nthenda youmitsa khosi, namwalira m'cipatala ca ku Harlem pa 30 July, 1927, ali ndi zaka 51. Anaikidwa ku Salisbury, North Carolina. Buku lija silinalembedwe, ndipo sukulu imene anaibvutikira anaiona itatsegulidwa miyezi yowerengeka yokha.

Mbiri ya moyo wace inalembedwa ndi Edwin W. Smith, mbusa amene anagwira nchito zaka zambiri pakati pa Aila ku Northern Rhodesia, ndipo inasindikizidwa m'caka ca 1929 ndi dzina lakuti Aggrey of Africa. Mwana wotsiriza uja, Orison Rudolph Aggrey, anakula nakhala kazembe wa America ku Senegal, Gambia ndi Romania. M'caka ca 2017 dziko la Ghana linaika cithunzi ca Aggrey pa ndalama yace ya pepala ya macedi 5.

DZINA LIMENE ANASIYA

Mwana wa ku Anomabu analandira dzina lacilendo limene linamveka kale cifukwa ca oyenda pa nyanja, amisiri ndi asing'anga, ndipo iye analionjezera ulemu wa mphunzitsi. Koma panacitika cinthu cina. Makolo a m'maiko amene anapitamo anayamba kucha ana ao dzina la banja lace. Motero ku South Africa kunali Aggrey Klaaste, mkonzi wa nyuzipepala ya Sowetan. Ku Uganda kunali Aggrey Awori, wothamanga pa masewera a Olympic amene anadzakhala nduna ya Boma. Ndipo ku Zambia, ku Malawi ndi ku Kenya dzinali lipezeka m'midzi imene anthu ace sanaonepo nyanja ya ku Anomabu.

Ana ambiri ochedwa James kapena Aggrey sadziwa mwini dzina. Mphunzitsi amene ali ndi mwana wotere m'kalasi mwace ali ndi phunziro lokonzeka kale: aitane dzinalo m'mawa monga mwa masiku onse, ndipo mwanayo atayankha, atseke buku pang'ono, nauze kalasi lonse za mnyamata wa zaka 15 amene anasunga sukulu yekha ku Abura Dunkwa.